Kusiyirana Mpira Woyera

Oonerera pulu ali pawiri. Ambiri maso awo amathamanga ndi mpira umene walunjika kudzenje, ndipo ukagwa ndi phokoso amakuwa, wina mluzu, wina m'manja. Ochepa, aja masewerawa anawalowerera, kudzenje sayang'anako n'komwe, chifukwa akudziwa kale kuti mpirawo ugwa. Iwo amatsata woyera: ugubuduka mpaka pati, uima mbali iti, ndipo shoti yotsatira ikhala yotani. Kugwetsa mpira umodzi aliyense amagwetsa, ngakhale mwana amene chibwano chake changosuzumira kumene pamwamba pa tebulo. Koma kuimika woyera pamalo poti mpira wotsatira ulowe wokha, n'kuchitanso chimodzimodzi pa wachitatu ndi wachinayi mpaka tebulo litayera, kumeneko ndiye kudziwa pulu. Njira yachidule yophunzirira luso limeneli ndi yosewera anthu awiri mbali imodzi, molandizana ndodo shoti iliyonse.

Ku Msoro, m'boma la Mambwe m'chigwa cha Luangwa, pulu imaseweredwa monga imaseweredwera ku Katete, ku Chipata, ku Mchinji ngakhale ku Lilongwe. Tebulo limakhala pakhonde la golosale kapena m'chisakasa pafupi ndi pomwera. Ugula tokeni, uiponya, ukankha chitsulo, mipira n'kukhuthukira m'kabati ka m'munsi. Gemu yake ndi yomwe ija: uyu yake isanu ndi iwiri, uyo yake isanu ndi iwiri, wakuda pomaliza. Wopambana amatsala patebulo, wogonja amapereka ndodo kwa amene tokeni yake ili patsogolo, ndipo ndalama za thonje zikalowa m'matumba mzere umatalika. Anthu akachuluka amasewera awiriawiri, koma aliyense amamenya mpaka ataphonya, mnzake ali chiimire ndi ndodo m'manja. Ndi gemu yokoma, palibe angatsutse. Vuto lake kwa wofuna kukula ndi lakuti imakhululuka zambiri. Munthu wa diso lakuthwa ndi mkono wamphamvu angathe kupambana madzulo onse asanaganizepo ngakhale kamodzi za kumene woyera ukupita.

Ilipo gemu ina yosakhululuka, ndipo imatheka pa tebulo lomwelo. Dzina lake ndi straight pool, ena amati 14.1. Msinkhu wake ndi umodzi ndi wa mishoni ya Msoro. M'zaka zimene wansembe Leonard Kamungu, Mchewa wa kunyanja cha ku Nkhotakota, ankayala maziko a mishoni ya Anglican kumeneko asanamwalire mu 1913, ku America katswiri wina, Jerome Keogh, anali atangoikonza kumene gemuyi mu 1910, ndipo mu 1912 inakhala gemu yolimbirana ukatswiri. Zisanatero, akatswiri ankagwetsa mipira yonse 15 n'kuisanjanso, ndipo wosewera ankapezeka atayang'anizana ndi mulu wathunthu wopanda mpira woti angaulonjeze. Ulendo wake unkathera pomwepo. Nzeru ya Keogh inali yaing'ono koma inasintha zonse: mpira umodzi uzitsala.

Malamulo ake sachuluka. Palibe mipira yako kapena yanga. Uliwonse ungaumenye, ndipo uliwonse ndi pointi imodzi, wakuda womwe. Koma usanamenye umanena mpira ndi dzenje lake, ndipo umene wanenawo ukapanda kulowa, zogwa mwangozi siziwerengedwa. Mipira 14 ikagwa, wa 15 umasiyidwa pamene uli, woyeranso pamene waima. Ija 14 imasanjidwa m'thirayango, malo a kutsogolo n'kukhala opanda kanthu. Tsopano wosewera ayenera kugwetsa wotsala uja, ndipo woyera, pochoka pa mpira umenewo, ukagunde mulu n'kuugumula kuti papezeke pomenya. Akatero, ulendo ukupitirira. Faulo imachotsa pointi imodzi, ndipo mafaulo atatu otsatizana amachotsanso ena 15. Pa mpikisano amathamangira 100, 125 kapena 150.

Wosewera amadziwika ndi kutalika kwa ulendo wake. Pa 19 Malichi 1954, ku Springfield m'chigawo cha Ohio, Willie Mosconi anagwetsa mipira 526 motsatizana, kutanthauza milu yoposa 37 osaphonya. Chiwerengero chovomerezekachi chinakhala zaka 65 osapyoledwa, kufikira John Schmidt atafika 626 mu 2019 ku Monterey, ndipo pambuyo pake Jayson Shaw wa ku Scotland anapitirira pamenepo. Munthu akaonera akatswiri otere koyamba amagwa mphwayi, chifukwa palibe chokuwitsa. Shoti iliyonse ndi yaifupi, yapafupi ndi dzenje, yoti aliyense anganene kuti, "Imeneyo ngakhale ine." Zoona, imeneyo ngakhale iwe. Nanga anaikonza ndani kuti iphweke chotero? Ntchito inagwiridwa mashoti awiri kapena atatu m'mbuyomo, woonerera maso ali kwina.

Chifukwa chake awiri

Munthu woyeserera yekha amadzinamiza. Asiya woyera poipa, kenaka adzipulumutsa ndi shoti yovuta, mpira ugwa, iye n'kumadzitama mumtima. Cholakwa chija chakwiririka. Mawa abwereza, mkuja abwereza, mpaka chisanduka chizolowezi. Koma pakakhala pangano lakuti ndimenya ine kamodzi, umenya iwe kamodzi, cholakwa chilibe pobisala. Pamene ndasiya woyera ndi pamene mnzanga awerame. Ndikausiya utamatirira ku khushoni, ndimuona ndi maso anga akusowa poika dzanja. Ndikausiya kutali, ndimuona akutsinzinira diso kuyeza mtunda umene ndamusenzetsa ndine. Chiwerengero ndi chimodzi cha tonse awiri, choncho palibe wolimbana naye, palibe womubisira. Zili ngati amayi awiri okonola chimanga mu mtondo umodzi: munsi wako utsike bwino, komanso uchoke msanga ndi kusiya chimanga pakati pomwe munsi wa mnzako uchipeze. Wokonola mwamphamvu koma mosamvera mnzake amangomwazira chimanga pansi.

Oyamba kumene amayesa kuti ntchito ndi kusiyira mnzako mpira woonekera basi. Imeneyo ndi theka chabe. Shoti yako iyenera kumupatsa mpira wake, komanso njira yoti woyera ubwerere kwa iwe uli bwino. Kuganiza kumayambira pa mipira itatu: wanga, wake, ndi wanga winanso. Apa ndi pamene ngodya imasanduka chuma. Woyera, mpira ndi dzenje zikakhala pa mzere umodzi woongoka, wosadziwa amasangalala, koma wodziwa amadandaula, chifukwa woyera ulibe kolowera: upita kutsogolo, ubwerera m'mbuyo, kapena uima, kwatha. Kupatukako pang'ono ndiko kumatsegula msewu. Ndipo mzerewo uli ndi mbali ziwiri. Woyera ukasiyidwa kumanzere kwa mzere, pogunda uthawira kumanja. Ukasiyidwa kumanja, uthawira kumanzere. Kusiyana kwa zala ziwiri zokha pa malo oimika kungatumize mnzako kumene kuli mipira imene mukuifuna, kapena kumapeto ena a tebulo kumene kulibe kanthu.

Zida zoyendetsera woyera ndi zochepa, ndipo zonse zili pa nsonga ya ndodo. Ukamenya m'munsi pang'ono mwa pakati, mokwanira kuti woyera ufike ukutsetsereka osagubuduka, ukagunda mpira maso ndi maso umaima nji pomwepo. Ukagunda cham'mbali uli kutsetsereka chomwecho, umapatuka madigiri 90 kuchoka pa njira ya mpira wogundidwawo. Ukafika ukugubuduka wokha n'kugunda theka la mpira, umakhota pafupifupi madigiri 30 kuchoka pa njira imene unkayenda. Kumenya pamwamba kumautsatitsa, kumenya pansi kwambiri kumaubweza, kumenya m'mbali kumasintha mmene uchokere ku khushoni. Anyamata amakonda kubweza chifukwa kumakometsa maso. Koma mu gemu iyi shoti yolemekezeka koposa ndi yoimika woyera, ndipo yotsatira ndi yougubuduza kachikhatho kamodzi. Woyera ukayenda mtunda wautali, cholakwa nacho chimakula. Awiri akamamvana, mpango umodzi ungakwane kuphimba malo onse amene woyera wayendamo m'mashoti anayi.

Chimene munthu sangaphunzire ali yekha ndi thupi la mnzake. Malo abwino kwa wamanja ndi oipa kwa wamanzere. Shoti imene wamtali amaifika atangowerama, wamfupi amaifika atagona patebulo mwendo uli m'mwamba, pamene lamulo likufuna phazi limodzi likhale pansi. Wina ali ndi diso la mashoti aatali, koma dzanja limamunjenjemera akamamenya modumphitsa ndodo pamwamba pa mpira wina. Wina amadula bwino kumanzere, kumanja kumamuvuta. Patebulo la pakhonde pamakhalanso mzati kapena khoma logunda tsinde la ndodo, ndipo kusiya woyera mbali imeneyo ndi kukakamiza mnzako kutukula ndodo kapena kukafunafuna kandodo kakafupi. Wosewera wabwino amasunga zonsezi m'mutu. Funso lake silikhala lakuti malo abwino ndi ati, koma lakuti malo abwino kwa uyu ndi ati. Akazolowera, amayamba kudzifunsa funso lomwelo za iye mwini, ndipo m'pamene amadziwa mashoti amene dzanja lake limakana.

Mkulu ndi mnyamata

Kwa Akunda a ku Msoro, monga kwa Achewa, malume ndi munthu wamkulu pa mwana wa mlongo wake, ndipo kulandizana ndodo kumakoma kwambiri pakati pa anthu osiyana misinkhu chotero. Pa gemu yolimbana, mkulu amangomukwapula mnyamata, mnyamata n'kuphunzirapo kusanja mipira basi. Apa n'kosiyana. Shoti iliyonse ya mnyamata yakonzedwa ndi dzanja lodziwa, choncho amalawa kukoma kwa malo abwino asanathe kuwapanga yekha. Shoti iliyonse ya mkulu yakonzedwa ndi dzanja lophunzira, choncho mkulu amakhalira kuwongola zokhota, luso lake n'kumanoleka. Zokambirana zawo zimamveka chonchi:

"Amalume, ndikusiyireni pati?"

"Usandifunse. Yang'ana wekha, undiuze."

"Ndigwetse uwu pakona, woyera uime apa, inu mutenge uwo pakati."

"Nanga ndikatenga umenewo, iweyo ndikusiya pati?"

Mnyamata akhala chete, azungulira tebulo, aweramira mbali inayo.

"Ndiye mutenge uwu m'malo mwake, kuti mubwerere kuno."

"Eya. Paka choko, umenye mofatsa."

Kuyankhula kuli ndi nyengo zake. Masiku oyamba amakambirana shoti iliyonse, ndipo mulu umodzi umatha nthawi yaitali. Pambuyo pake amangokambirana mulu ukangogumuka, n'kugwirizana za mbali yoyambira ndi mipira yosunga. Potsiriza amasewera chete. Pamenepo malo amene woyera waima ndiwo mawu: mnzako akaupeza utapendekera mbali yakuti, ayenera kumva yekha kuti ukumutuma mpira uti ndiponso kuti akubwezere kuti. Akamenya wina wosiyana ndi umene unkaganiza, amaima kaye n'kufunsana. Nthawi zina wolakwa ndi iye, nthawi zina iye waona njira yaifupi imene iwe sunaione, ndipo onse awiri mwapindula.

Poyeserera sayamba ndi mulu wathunthu monga pa mpikisano. Amasanja 14, wa 15 n'kuuika pabwino pambali pa mulu, woyera n'kuuika ndi manja, kuti shoti yoyamba ikhale yoswa. Apa pali masamu obisika amene awiri amawatulukira akayamba kuwoloka milu. Mulu uliwonse ndi mashoti 14, ndipo 14 amagawika pawiri popanda chotsala. Ngati sipanagwe mipira iwiri nthawi imodzi, amene anaswa mulu woyamba ndi yemweyo adzaswe wachiwiri ndi wachitatu, ndipo mnzake nthawi zonse adzakhala womenya mpira womukonzera malo. Choncho awiri anzeru amasinthana dala woyamba pa ulendo uliwonse watsopano, kuti aliyense alawe ntchito zonse ziwiri. Mwa ziwirizi yolemera ndi ya wokonza. Woswa amamveka kutali, koma ngodya imene akuswerayo sanaipange iye.

Mipira yomaliza

Kukongola konse kwa gemuyi kuli pa mipira yomaliza, ndipo odziwa amaiwerenga chobwerera. Choyamba amasankha woswera: mpira wogona pambali pa malo a mulu, kachikhatho kapena kuposerapo pang'ono kuchoka pamene thirayango idzakhale, woti ungagwe padzenje la pakona lapafupi. Ukakhala m'kati mwa malo a mulu ndi wotayika, chifukwa lamulo limaunyamula kupita nawo kumutu kwa tebulo. Kenaka amasankha wa kiyi, mpira woti ukagwa, woyera n'kuima pomwepo, ngodya yopita ku woswera ikhale yabwino. Kawirikawiri umakhala cha pakati pa tebulo, wogwera padzenje la pakati. Kenaka amasankha wofikitsa ku wa kiyi. Itatu imeneyi imadziwika patebulo pakadali mipira yambiri, ndipo kuyambira pamenepo onse awiri amaiyendera m'mbali. Chiyeso n'chakuti woswera nthawi zambiri ndi mpira wophweka pa yonse. Mnyamata akapanikizika, dzanja limamuyabwa kuti augwetse. Akaugwetsa, pointi imodzi yalowa, koma khomo la mipira 14 yotsatira latsekeka.

Taonani mmene zimathera zikayenda bwino. Yatsala inayi. Mkulu achotsa wosokera umene unatsalira kumbali, woyera n'kugunda khushoni kamodzi n'kutulukira poyera. Mnyamata agwetsa wofikitsa uja, ndipo m'malo moimika aulola woyera kugubuduka zala zitatu, kuti mkulu akhale pafupifupi molunjika. Mkulu sawerama msanga. Apita kukaima kumbuyo kwa woswera, ayang'ana dzenje, ayang'ana pamene mulu udzakhale, aloza ndi chala pamwamba pa nsalu osaikhudza: apa. Abwerera, apaka choko, amenya shoti yosamveka n'komwe kwa amene ali pamsewu. Wa kiyi ulowa pakati, woyera uima pamene chala chinaloza. Tokeni iponyedwa, mipira 14 isanjidwa. Mnyamata awerama n'kupeza zonse zokonzeka: woswera woonekera, ngodya yokwanira kuti woyera ukalase mulu, malo oika dzanja momasuka. Amenya, woswera ugwa, mulu ugumuka, ndipo ngati pali oonerera amakuwira iye. Mkulu ali phee kumbuyo, akusankha kale mpira umene amenye.

Tebulo la kuno lili ndi khalidwe lake, ndipo luso ndi kulimvera. Mipikisano ikuluikulu imachitikira pa tebulo la mafiti 9, ndi mipira ya mamilimita 57, woyera wofanana ndi inzake. Tebulo la tokeni nthawi zambiri ndi la mafiti 7 kapena kucheperapo, mipira yake ya mamilimita pafupifupi 51, ndipo woyera ndi wocheperako, pafupifupi 48, kuti ukagwa m'dzenje upeze njira yakeyake yotulukira. Woyera wopepuka umabwerera m'mbuyo mosavuta koma umachita ulesi kutsata, ndipo ukagunda mulu wa mipira 14 umanjanja m'malo molowa. Choncho kuswa kwa kuno si komwaza zonse nthawi imodzi. Kumafuna ngodya yokulirapo, kulasa pakona pa mulu, kugumula itatu kapena inayi, n'kudzalowanso kachiwiri ndi kachitatu. Polowanso, wodziwa amaonetsetsa kuti pali mpira wina wapadera pafupi ndi dzenje, woti mnzake adzaumenye ngakhale woyera utamira pakati pa inzake. Kugumula mulu popanda mpira wosungira wotero ndi kutchova juga ndi shoti ya mnzako. Maenje a matebulo awa ndi opapatiza ndi ozungulira milomo, motero mpira wogona pa khushoni sulowa ndi mphamvu. Umafuna kuunyengerera, ndipo ndi bwino kuuchotsa msanga njira zikadali zambiri.

Nyengo ya m'chigwa nayo imasewera nawo. Mu Okutobala, kutentha kukafika madigiri 40, thukuta limagwira ndodo pakati pa zala, ndipo fumbi limakhala pansalu ndi pamipira. Dzinja likafika, mtsinje wa Lupande utadzaza, nsalu imamwa chinyontho, woyera umafupikitsa ulendo, ndipo mipira yalitsiro imakokana pogundana, wodulidwa n'kupatuka pang'ono pa mzere. Tebulo lokhala pa simenti yosalingana limakokera mbali imodzi ngakhale aliikire katoni kunsi kwa mwendo. Awiri amaphunzira tebulo msanga kuposa mmodzi, chifukwa aliyense amaonera shoti ya mnzake ali chilili, pamalo pamene kukhota kwa mpira kumaoneka bwino kuposa kwa wowerama. "Amalume, lero likukokera kukhomo," atero mnyamata, ndipo mkulu asintha dzanja osafunsa kawiri.

Tebulo lomeza mipira limagwirizana ndi gemu iyi kuposa mmene munthu angaganizire. Mipira 14 ikalowa m'kati, wa 15 uli panja, tokeni imodzi imatulutsa mulu wonse wofunika. Chosatheka ndi kubweza patebulo mpira wogwa molakwika, choncho awiri amangogwirizana kuti ulendo wathera pomwepo, kuwerenga kuyambirenso. Nthawi yake ndi m'mawa kapena masana mzere usanayambe, pakuti madzulo palibe angalole anthu awiri kukakamira tebulo popanda wogonja. Chiwerengero amalemba ndi choko pakhoma. Masiku oyamba chimakhala chochititsa manyazi, 5 lero, 8 mawa, 3 mkuja. Tsiku lowoloka mulu woyamba, kufika 15 kenaka 16, limakumbukika, ndipo awiri ofika 28 pa tebulo la tokeni ali ndi chonena kulikonse kumene angapite.

Mpira ukaphonyeka ndi pamene ubwenzi umayesedwa. Mwambo wabwino ndi wakuti woyamba kuyankhula akhale amene anasiya woyera, osati amene waphonya. "Ndakusiya patali," kapena, "Ndakuika mbali yolakwika." Wophonya naye asabisale kumbuyo kwa mawu amenewo: ngati mpira unali wolowa, avomere kuti unali wolowa. Kenaka abwereke mpira wina patebulopo, abwezere woyera pamene unali, abwereze shoti yosiyira ija mpaka itatheka. Wokalipa, wopukusa mutu, wolanda ndodo kuti aonetse mmene zikanakhalira, amaononga mnzake, chifukwa shoti yotsatira mnzakeyo amamenya ndi mantha, ndipo dzanja lamantha silimaliza ulendo wa ndodo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo patebulo kudekhako kukhale kwa onse awiri.

Kulandizana ndodo si kwa ophunzira okha. Mpikisano wa World Cup of Pool, umene unayamba mu 2006 ku Newport m'dziko la Wales, umaseweredwa motero: dziko lililonse anthu awiri, shoti ndi shoti, ngakhale gemu yake ndi ya mipira 9. Oyamba kutenga chikhocho anali Efren Reyes ndi Francisco Bustamante a ku Philippines, amene anagonjetsa Earl Strickland ndi Rodney Morris a ku America, ndipo anachitenganso mu 2009 kwawo komwe. Reyes anakulira m'nyumba ya pulu ya mbale wa makolo ake ku Manila, kumene ankasanja mipira ndi kugona patebulo pomwepo ali mwana. Dziko limamudziwa ndi mashoti ooneka ngati matsenga, koma pa masewera a awiri shoti yamatsenga ikafunika ndiye kuti wina walakwitsa kale. Mosconi Cup nayonso, mpikisano wa pakati pa Ulaya ndi America umene unayamba mu 1994 ndipo unatchulidwa dzina la Mosconi yemwe uja, imakhala ndi magemu a awiriawiri olandizana shoti iliyonse. Kumeneko kutchuka kwa munthu payekha sikukwanira; amayenera kudziwa kusiyira.

Phindu la zonsezi limaonekera madzulo, pa gemu wamba ya wakuda pomaliza. Wozolowera kusiyira mnzake amayamba kudzisiyira yekha ndi ulemu womwewo. Sathamangira mipira yophweka ya pakamwa pa dzenje. Amayamba ndi yovuta, amagumula yomatirirana nthawi ikadalipo, ndipo amasankhiratu mpira umene udzamufikitse kwa wakuda monga ankasankhira wa kiyi. Akafuna kubisa woyera amaubisa mopweteka, pakuti wodziwa malo amene mnzake amawakonda amadziwanso amene wolimbana naye amadana nawo. Makolo ambiri amaipidwa ndi pulu, ndipo zifukwa ali nazo: mowa uli pafupi, kubetcha kuli pafupi, ana asukulu amathera pomwepo. Kuyeserera kwa awiriku kulibe wobetcha naye, ndipo woledzera sangawerenge mipira itatu patsogolo. Kumafuna mutu wabwino, mawu ochepa, ndi munthu wovomera kuti shoti yake yabwino koposa adzayamikidwa nayo ndi wina.

Eni matebulo a ku Msoro ndi m'madera ozungulira, m'mawa tebulo limangokhala litafundidwa. Tsegulirani kabati awiri ofuna kuyeserera, muwalipiritse pa ola, ndipo osewera a pamalo panu adzakula. Inu osewera, sankhani mnzanu mmodzi, wokuposani kapena wochepera kwa inu. Ngati mipira 15 ikuchuluka, yambani ndi isanu: ikani woswera, wa kiyi ndi ina itatu, muimalize molandizana mpaka woyera uziima pa ngodya yoswera nthawi zambiri. Kenaka sanjani mulu wonse, lembani chiwerengero chanu chachikulu pakhoma, ndipo musasinthe mnzanuyo mpaka mutawoloka naye mulu woyamba.